Sewero Likakana Kutha

 Nkhani imene ndabwera nayo ndi ya nthenda imene imagwira masewero aatali, aja omveka sabata ndi sabata pa wailesi kapena pa kanema mpaka zaka kutha. Nthendayi sigwira sewero lolephera, poti lolephera limafa lisanakule. Imagwira lomwe anthu alikonda. Mfundo yanga ndi imodzi, ndipo ndiinena poyambirira pomwe kuti muzindiyeza nayo pamene ndikulankhula: sewero lalitali limayamba kusukuluka tsiku limene mphamvu yonena kuti nkhani ipitirire yachoka m'manja mwa mlembi n'kupita m'manja mwa wolipira. Kuyambira tsiku limenelo nkhani siyendanso chifukwa chakuti pali chimene sichinanenedwe, koma chifukwa pali ndalama imene sinalandiridwe. Umboni woyamba ndikautenga ku America, chifukwa kumeneko oonera kanema amawerengedwa usiku uliwonse, motero sewero likamagwa manambala amaonetsa. Ndikatero ndibwerera kwathu kuno, kumene nthenda yomweyi ilipo koma palibe woiyeza.

Sewero lake ndi The Walking Dead, la wailesi ya kanema ya AMC, lomwe ena mwa inu mwalionerapo pa foni kapena m'mavidiyo sho. Linayamba pa 31 Okutobala 2010, kuchokera m'mabuku a nkhani za zithunzi amene Robert Kirkman anayamba kulemba mu 2003. Wapolisi wina, Rick Grimes, akutsitsimuka m'chipatala atakomoka nthawi yaitali, n'kupeza kuti dziko lomwe ankalidziwa latha. Kwagwa mliri, akufa akudzuka n'kumayenda, ndipo amene walumidwa amafa n'kusanduka ngati iwo. Izi si ndondocha za m'nkhani za kwathu, zokhala ndi mwini wozituma. Iyi ndi mitembo yopanda mbuye, yodziwa njala yokha. Sizoni yoyamba inali ndi magawo 6 okha, ndipo anaitsogolera ndi Frank Darabont, yemwe anapanga filimu yotchuka ya The Shawshank Redemption. Gawo loyamba analionera anthu 5.3 miliyoni. Pa 12 Okutobala 2014, potsegulira sizoni yachisanu, oonera anafika 17.3 miliyoni usiku umodzi, pafupifupi chiwerengero cha Amalawi tonse pa kalembera wa 2018. Koma pa 20 Novembala 2022, pamene gawo lotsiriza, la nambala 177, linkaulutsidwa, anthu amene anakhala pansi usiku umenewo anali pafupifupi 2.3 miliyoni. Chinachitika n'chiyani pakati pa masiku awiriwa?

Tiyambe ndi chimene chinalikometsa, chifukwa amene amaganiza kuti anthu ankatsata mitembo yoyenda ija sanalimvetse. Mitembo inali pongoyambira. Chimene chinkakoka anthu ndi funso lomwe linali pansi pa zonse: malamulo akatha, boma likatha, polisi ndi khoti zikatha, munthu wabwino angakhalebe wabwino mpaka pati? Funsoli linali ndi nkhope ziwiri, Rick ndi mnzake wa ku ntchito Shane. Rick ankati ngakhale dziko litatha munthu saphedwa chisawawa. Shane ankati nthawi ya chifundo yapita, wofuna kupulumutsa ana ake aumitse mtima. Kumapeto kwa sizoni yachiwiri Rick anapha Shane ndi manja ake. Zaka zitatu zotsatira zinaonetsa pang'onopang'ono kuti wopha uja ankasanduka chimene anapha, kufikira mu sizoni yachisanu pamene Rick, atafika m'mudzi wamtendere wa Alexandria, ndiye anali munthu woopsa kuposa onse okhalamo. Imeneyo ndi nkhani yathunthu. Ili ndi poyambira, ili ndi pampondachimera, ndipo mtengambali wamkulu wa kumathero si yemwe uja wa pachiyambi. Sindikuona ngati n'zongochitika kuti oonera anachuluka kwambiri m'chaka chomwe funsoli linkafika poyankhidwa. Litayankhidwa, olemba anatsala ndi funso laling'ono, lakuti kodi sabata ino afa ndani, ndipo funso lotere limadzutsa chidwi koma silisintha munthu aliyense m'nkhanimo.

Tsono wolipira analowa liti? Analowa msanga kwambiri. Mu Julayi 2011, sizoni yachiwiri ili mkati mojambulidwa, AMC inachotsa ntchito Darabont. Magawo anachoka pa 6 kufika pa 13 pomwe ndalama ya gawo lililonse inachepetsedwa, ndipo kuyambira sizoni yachitatu mpaka yachisanu ndi chinayi anakhala 16 pasizoni. Mlandu wokhudza phindu la seweroli umene Darabont anasumira AMC unatha mu 2021 pomwe kampaniyo inavomera kulipira madola 200 miliyoni, zomwe zikutiuza kukula kwa chuma chimene chinkalimbiranidwa. Wailesi ya kanema yotere imadalira kwambiri otsatsa malonda, ndipo gawo lililonse ndi ola limodzi logulitsa. Kwa iwo magawo 16 ndi abwino kuposa 8, nkhani ikhalepo kaya isakhalepo. Zotsatira zake zinaoneka pa kanema pomwepo. Gulu la Rick limapeza pobisala, limapuma, kumabwera munthu woipa, pamabuka nkhondo, pobisala paja pamagwa, otsala amanyamuka. Zinatero pa famu ya Hershel, zinatero ku ndende pamene anabwera wotchedwa Governor, zinatero ku Terminus, ndipo ku Alexandria anabwera Negan. Nkhondo ya Negan yokha inadya masizoni awiri athunthu, magawo 32, ndipo ambiri mwa magawowa ankatha anthu ali pomwe anayambira. Akuluakulu anati nyimbo imodzi sachezera gule. Olemba a ku America aja sanali osadziwa zimenezi. Vuto linali lakuti chiwerengero cha magawo chinkayamba kukhazikitsidwa, nkhani n'kumabwera pambuyo kudzadzaza malo.

Mlembi amene watha nkhani koma akuyenera kusunga oonera amayamba kuwanamiza, ndipo apa ndi pamene ndikufuna muimepo kwambiri, inu olemba. Mu Okutobala 2015 seweroli linaonetsa Glenn, mnyamata amene anthu anamukonda kuyambira sizoni yoyamba, akugwera pakati pa mitembo, magazi ali ponseponse. Dzina la Steven Yeun, yemwe ankasewera mbaliyi, linachotsedwa ngakhale pa mndandanda wa mayina woyambirira. Patapita masabata anayi zinapezeka kuti Glenn anakwawira pansi pa chibini cha zinyalala, ali moyo. Mu Epulo 2016 sizoni yachisanu ndi chimodzi inatha Negan akumenya munthu mpaka kumupha, koma kamera inabisa womenyedwayo, kuti anthu adikire miyezi yoposa isanu ndi umodzi. Pa 23 Okutobala 2016 anthu 17 miliyoni anabwera kudzamva yankho, ndipo anaonetsedwa Abraham, wina wa m'gulu la Rick, ndi Glenn yemweyo akuphwanyidwa mitu ndi chibonga chokulungidwa waya waminga, mkazi wa Glenn, yemwe anali woyembekezera, akuonerera. Sabata yotsatira oonera anali 12.5 miliyoni. Anthu oposa 4 miliyoni anachoka m'masiku asanu ndi awiri, ndipo chiwerengero sichinabwererenso mwakale. Tisanamizane kuti anthuwa anathawa imfa ya Glenn payokha, pakuti m'mabuku a Kirkman Glenn amafanso m'manja mwa Negan, ndipo owerenga anapitiriza kuwerenga. Anathawa chifukwa anazindikira kuti chisoni chawo chasanduka chida chowakokera. Munthu amalola kulira chifukwa cha nkhani, koma salola kuseweretsedwa. Chinyengo chomwecho chinabwerezedwa mu Novembala 2018: kanemayo analengeza kwa masabata kuti akubwera magawo otsiriza a Rick, kenako Rick ananyamulidwa ndi helikopita ali moyo, kusungidwira malonda ena a m'tsogolo. Miyezi ingapo m'mbuyo mwake olemba anali atapha Carl, mwana wa Rick, yemwe anali chifukwa chenicheni chimene bambo uja ankavutikira.

Wina anena kuti ndikunamizira olemba, pakuti m'zaka zomwezo anthu ambiri ku America ankasiya kuonera kanema wa nthawi yoikika n'kumaonera pa intaneti nthawi imene afuna. Zimenezo n'zoona, ndipo zikufotokoza mbali ya kugwaku, makamaka kumapeto, pamene AMC inkatulutsa magawo pa intaneti sabata imodzi asanaulutsidwe. Koma kusintha kwa zipangizo kumadya oonera pang'onopang'ono. Sikuchotsa 4 miliyoni m'sabata imodzi. Komanso m'zaka zomwezo sewero la Game of Thrones linkachulukitsa oonera sizoni ndi sizoni mpaka 2019. Winanso anena kuti The Walking Dead linadzakomanso, ndipo ameneyu akunena zoona kuposa woyamba uja. Angela Kang atatenga utsogoleri wa olemba mu 2018, ounika masewero ambiri anavomereza kuti sizoni yachisanu ndi chinayi inali yabwino kuposa ziwiri za m'mbuyo mwake. Koma taonani manambala a gawo lotsegulira chaka chilichonse: 11.4 miliyoni mu 2017, 6.1 miliyoni mu 2018, 4 miliyoni mu 2019, 2.2 miliyoni mu 2021. Luso linabwerera, anthu sanabwerere. Mtsutso umenewu ukulimbitsa mfundo yanga m'malo moigwetsa, chifukwa ukuonetsa kuti chimene chinatayika si luso lokha ayi koma chikhulupiriro, ndipo chikhulupiriro sichibwera ndi mlembi watsopano.

Kodi panali njira ina? Inalipo, ndipo anaionetsa ndi mwini nkhani yemwe. Mu Julayi 2019 Kirkman anatseka mabuku ake pa nambala 193, osalengeza, malonda akuyendabe bwino. M'buku lotsirizalo Carl ndi bambo wamkulu, dziko lamangidwanso, ndipo akuuza mwana wake wamkazi za agogo ake Rick. Pa AMC pomwepo panali sewero la Breaking Bad, lomwe linayenda kuyambira 2008 mpaka 2013, magawo 62, ndipo gawo lake lotsiriza ndilo linaoneredwa ndi anthu ambiri kuposa ena onse, oposa 10 miliyoni. Breaking Bad linatha anthu akubwera. The Walking Dead linatha anthu atapita. Ngakhale kutha kwake sikunali kutha kwenikweni, chifukwa masewero ena ophukira pa ilo, monga la Daryl wa m'gulu la Rick, ndi la Maggie, mkazi wa Glenn uja, ndi Negan, anali atalengezedwa kale, motero oonera analowa m'gawo lotsiriza akudziwa amene sangafe.

Tibwerere kuno. Ife a ku Mwanza, okhala pa msewu wa ku Joni, timadziwa masewero a ku South Africa kuyambira nthawi ya madikoda aulere aja amene ankakoka SABC mpaka mu 2013. Generations linayamba m'nyengo imene tsankho linkatha m'dzikolo, ndipo mphamvu yake inali yoonetsa anthu akuda ali eni makampani, chinthu chimene kanema wa kumeneko sankaonetsa. Mu Ogasiti 2014 akatswiri 16 anachotsedwa ntchito atanyanyala pa nkhani ya malipiro, sewero linaima, ndipo mu Disembala linabwerera ndi dzina lowonjezera, nkhani italumphitsidwa zaka 20. Pamenepo zinaonekeratu kuti chimene eni ake ankateteza si anthu a m'nkhani koma ola la 8 koloko madzulo. Isidingo, lomwe linayamba mu 1998, linatsekedwa mu Malichi 2020 oonera atachepa. Awa ndi masewero a ndalama zambiri, ndipo wolipira wake ndi wofanana ndi wa ku America uja.

Kwathu kuno wolipira ndi wina, ndipo tiyenera kumutchula mosabisa komanso mosanyoza. Wailesi zathu zilibe ndalama zokwanira kulipira olemba ndi ochita sewero chaka chathunthu, choncho masewero aatali amene tawadziwa akhala akuyenda ndi thandizo la mabungwe. Zimachitika la Story Workshop linayamba kumveka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Tikuferanji la ADRA Malawi, lomwe linatchukitsa Michael Usi monga Manganya, linamveka pa wailesi n'kudzaonekanso pa kanema, yemwe dziko lino linakhala naye kuyambira mu 1999. Masewerowa anagwira ntchito imene palibe angaichepetse. Tikuferanji linafunsa funso lake m'nthawi imene Edzi inkatha mabanja, maliro ali mudzi ndi mudzi, koma matendawo osatchulidwa dzina pa mwambo wa maliro. Funsolo linali lamoyo chifukwa womvera aliyense anali nalo m'nyumba mwake. Kuyambira mu 2004, pamene ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma, zinthu zinasintha: kupezeka ndi kachilombo kunasiya kukhala chigamulo cha imfa. Chimenecho ndi chipambano, ndipo masewerowa ali ndi gawo lawo pa chipambanocho. Koma kwa mlembi zikutanthauza kuti funso loyamba lija layamba kuyankhidwa. Tikuferanji linatambasuka n'kumakamba nkhani zina za m'dziko, za umphawi, za chilungamo, za kayendetsedwe ka zinthu. M'kuona kwanga, kutero kunalisunga pa wailesi koma kunalisandutsa chinthu china: bwalo lomwe munthu wokondedwa amaperekapo ndemanga pa zochitika. Bwalo lotere lili ndi phindu lake, koma si nkhani imene ikupita kwinakwake.

Onani mmene nthenda ija imalowera m'sewero lodalira thandizo. Bungwe limapereka ndalama za chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo limapereka pamodzi ndi mndandanda wa mauthenga. Chaka chino ndi kuyezetsa magazi, chaka chamawa ndi kulera, kenako zisankho, kenako kolera. Mudzi wa m'sewero ndi womwewo, anthu ndi omwewo, koma mavuto awo amasintha potsata amene wasaina mgwirizano. Choopsa chachikulu ndi ichi: mtengambali wonyamula uthenga saloledwa kusintha. Bambo woledzera amene wamva uphungu sabata ino ayenera kuledzeranso mwezi wamawa, chifukwa akasiya mowa uthenga wotsatira ulibe pokwera. Mayi wanzeru wolangiza anzake sangalakwe, chifukwa ndiye pakamwa pa bungwe. Ndiye mumapeza anthu amene akhala m'makutu mwathu zaka zambiri koma sanakule, sanaphunzire, sanataye kanthu. Ku America mtengambali ankasungidwa kuti adzagulitsidwenso. Kuno amasungidwa kuti adzanyamulenso uthenga. Ndipo kuno n'koopsa kwambiri pa chifukwa chimodzi. Ku America kuja manambala anakuwa, eni ake anamva. Kuno womvera akatopa sauza munthu, amangopotoza wailesi, poti ino si nthawi ija MBC inali yokha. Lipoti lopita kwa wolipira limanena kuti magawo onse aulutsidwa, ndipo limanena zoona, koma silinena kuti m'nyumba zingati anthu anasiya kudya kuti amvetsere.

Apa pali mtsutso umene ndimaulemekeza kuposa yonse. Munthu wa zaumoyo anena kuti: inu mukukamba za kukoma kwa nkhani, ife tikukamba za miyoyo, ngakhale sewero likhale lozizira, mayi mmodzi akamva n'kupita ku sikelo, ndalamayo yagwira ntchito. Sindikana kuti moyo wa mayi ameneyo ndi woposa luso lililonse. Koma funso ndi lakuti uthenga umalowa bwanji mumtima. Chikhala kuti kungomva kunali kokwanira, bwenzi chilengezo cha mphindi imodzi chikukwana, ndipo n'chotchipa. Mabungwe anasankha sewero chifukwa anadziwa kuti munthu amasintha akaona wina amene wamukonda akuvutika, akusankha, n'kulandira zotsatira za chisankho chake. Ndiye kuti sewero limene anthu ake sasintha lataya chinthu chokhacho chimene analilembera ntchito. Ku South Africa sewero la Soul City, lomwe linayamba mu 1994, linali la mauthenga a zaumoyo ngati athuwa, koma linkapangidwa m'masizoni okhala ndi malire, iliyonse ndi nkhani yake yofufuzidwa bwino, yoyamba n'kutha. Mu 1999 linaonetsa mayi womenyedwa ndi mwamuna wake, ndi anansi amene poyamba ankangomva ali chete, kenako anatuluka n'kumaomba mapoto pakhomo la womenyayo. Anthu m'madera ena anatengera mchitidwewu pa moyo weniweni. Anatengera chifukwa anaona anansi aja akusintha, kuchoka pa mantha kufika pa kulimba mtima, m'nkhani imene inali ndi polekera.

Wina afunsa ngati ndikunena kuti sewero lililonse lokhalitsa ndi lodwala. Ayi. Ku Britain kuli sewero la pa wailesi la The Archers, lomwe likumveka kuyambira 1951, ndipo linayambira pa ntchito yofanana ndi yathu, yophunzitsa alimi. Koma taonani mmene lakhalira. M'mudzi wa m'sewerolo nthawi imayenda: ana amakula, amakwatira, okalamba amafa osabwerera, ndipo munda umachoka kwa bambo kupita kwa mwana. Nkhani zing'onozing'ono zimayamba n'kutha mkati mwa nkhani yaikulu. Chokhalitsa ndi mudzi, osati munthu mmodzi kapena vuto limodzi. Ifenso tili ndi chitsanzo chathu, Sewero la Sabata Ino la pa MBC, lomwe mibadwo yakula ikulimvera. Chinsinsi chake chili poyera: pulogalamu ndiyo inakhalitsa, koma nkhani zake zinkasinthana, ina kutha ina kuyamba, ndipo mlembi watsopano ankapeza polowera. Kutalika pakokha si mlandu. Mlandu ndi kukana kuti kanthu kena kathe.

Patsala mtsutso wa m'mimba, ndipo ndikudziwa kuti ambiri muno ndi umene mukuuganiza. Sewero likatha, ochita sewero adya chiyani? M'dziko limene waluso amavutika kupeza ngakhale ya thiransipoti yopitira ku maphunziro a sewero, kuuza gulu kuti litseke chinthu chokhacho chimene chikubweretsa ndalama kungaoneke nkhanza. Koma sindikunena kuti gulu lithe. Ndikunena kuti nkhani ithe. Kwathu Drama Group yakhala ikuzungulira dziko lino kuyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo anthu ankadzaza maholo kudzaona John Nyanga ndi Eric Mabedi, Izeki ndi Jakobo, chifukwa ankadziwa kuti akaona sewero latsopano. Du Chisiza Jr, asanamwalire mu 1999, anamanga dzina la gulu lake la Wakhumbata polemba sewero lina pambuyo pa linzake, osati pokoka limodzi. Chuma cha gulu la zisudzo ndi chikhulupiriro cha anthu chakuti mukabwera mubweretsa kanthu. Gulu limene latha nkhani yake bwino limaitanidwanso. Limene lakoka nkhani mpaka anthu kutopa limataya wolipira ndi oonera omwe, ndipo dzina lotayika motero silibwerera msanga, monga manambala a ku America aja atisonyezera. Izi zikukhudzanso inu amene mumajambula ndi foni n'kuika pa Facebook kapena pa YouTube. Kumeneko wolipira ndi chiwerengero cha oonera, ndipo chiyeso chake ndi chomwecho: gawo loyamba likayenda bwino, mumafuna lachiwiri, lakhumi, la makumi atatu, ngakhale mkangano wa m'nkhaniyo unatha kalekale.

Chimene chimachititsa mlembi kukakamira nkhani imodzi nthawi zambiri ndi mantha akuti sapezanso ina. Kwa mlembi wa ku Mwanza mantha amenewo alibe maziko. Boma lino lili pa chipata. Pa boda apo, moyang'anana ndi Zobue, madalaivala a mathiraki amagona pa mzere, osintha ndalama amadikira mabasi, ndipo achinyamata amawoloka kupita ku Joni kudzera ku Tete, ena ndi mapepala okwanira, ena opanda. Kumbuyo kwa aliyense wowoloka kwatsala mkazi, mayi kapena mwana amene akudikira foni. Mlimi wa manachesi amasamala mtengo chaka chonse n'kudzagulitsa zipatso pa mtengo umene wanena wogula, poopa kuti ziwola. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa m'dera lino kupita ku Nacala, anthu a m'mbali mwa njanji akungoziona. Ndipo njira ya ku Thambani inasunga nkhani ya mu Meyi 1983, pamene andale Dick Matenje, Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga anapezeka atafa, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto, mpaka kafukufuku amene anachitika ulamuliro wa chipani chimodzi utatha anapeza kuti anachita kuphedwa. Iliyonse mwa nkhanizi ili ndi munthu amene ayenera kusankha, ndipo akasankha sangabwererenso mmene analili.

Pempho langa kwa inu olemba ndi ili. Musanalembe gawo loyamba, dziwani chimene chidzachitike m'gawo lotsiriza, ndipo mulilembe, ngakhale mudzalisinthe m'tsogolo. Mukamakambirana ndi wailesi kapena bungwe, nenani chiwerengero cha magawo amene nkhani yanu ikufuna, ndipo chilowe mu mgwirizano. Musaphe munthu m'sewero pofuna kudzidzimutsa oonera, ndipo amene mwamupha musamudzutse. Inu aphunzitsi amene mumakonzekeretsa ana ku mipikisano ya zisudzo, afunseni nthawi zonse kuti mtengambali wamkulu wasintha pati. Inu a mabungwe ndi a wailesi, pitani m'midzi mukafunse anthu dzina la munthu wa m'sewero amene akumudera nkhawa sabata ino. Akasowa dzina, musawonjezere magawo. Ndipo sewero lanu likakondedwa, wolipira n'kubwera kudzapempha kuti lipitirire, musamukanize ntchito. Muuzeni kuti nkhani iyi yatha, ndipo mumuonetse ina imene mwakonza.